Mawashala a Mapatapata

Ine vuto langa ndi manja. Ndikaona munthu akulimbana ndi chinthu chomwe ine ndikudziwa kachitidwe kake, manjawa amayamba kuyabwa, ndipo ndisanaganize n'komwe ndimapezeka ndamulanda. Mayi anga ankandikalipira nazo ndili wamng'ono, chifukwa mng'ono wanga ndinkamulanda ngakhale singano. Ndinakula nazo, ndinapita nazo ku koleji, ndipo boma litanditumiza kukaphunzitsa sayansi pa sukulu ina ya sekondale ku Likoma, ndinakwera nazo sitima.

Kwathu ndi ku Dedza, kumapiri. Chaka choyamba pachilumba ndinkangodandaula: kutentha, miyala m'njira, kondowole wondikanirira pakhosi, ndi ana oyankha motsitsa mawu ngati pali maliro. Ukafunsa funso m'kalasi, maso onse pansi. Ukafunsa ngati amva, onse pamodzi, "Tamva, madamu." Mayeso akabwera m'pamene umadziwa kuti anangomva phokoso lako, monga munthu amamvera mvula padenga.

Chaka changa chachitatu ananditumiza kumtunda ku maphunziro a masiku ochepa. Kumeneko anatiuza kuti tisiye kumangolemba pa bolodi. Ana akhale m'magulu, asankhe okha vuto la kwawo, apange okha chipangizo chothetsera vutolo. Mphunzitsi apereke zida ndi mafunso basi, mayankho ayi. Ndipo sabata iliyonse gulu lizikhala pansi n'kuyankha m'kope mafunso atatu: Tayesa chiyani? Chakanika n'chiyani? Tichita chiyani tsopano? Ndinawomba m'manja kuposa aliyense. Ndikakumbuka lero ndimadziseka, chifukwa m'chipinda monsemo munthu wosayenera kwambiri ntchito imeneyo ndinali ine.

Nditabwerera ndinatsegula kalabu ya sayansi. Analembetsa ambiri, koma ataona kuti kulibe mabisiketi, anatsala atatu, onse a Fomu 3. Woyamba anali mtsikana wa ku Mbungo, wamfupi, wapakamwa, mwana yekhayo pasukulupo amene ankatha kundiyang'ana m'maso. Wachiwiri anali mnyamata wa ku Khuyu, wanthabwala, wolemba mokongola, koma ukamupatsa hamala umayenera kuchotsa zala zako pafupi. Wachitatu anali wa ku Yofu, wamtali, wamkulu kuposa anzakewo chifukwa anabwereza kalasi. Ameneyu anali asanayankhepo funso langa ngakhale limodzi. Ankakhala kumbuyo, manja ake aakulu atawabisa pansi pa desiki ngati waba nawo kanthu.

Bambo ake anali mmisiri wokhoma maboti. Teremu itangoyamba anabwera kusukulu, ndipo poti ahedi anali atachokapo, ndinawalandira ndine. Anakhala pampando, chipewa chili pabondo, n'kulankhula mwaulemu koma mosazungulira.

"Madamu, mwanayu wakula. Amalume ake ali ndi ukonde wa chilimira, akusowa wanthu. Ine ndati teremu ino ndi yomaliza kuyesa. Ndikaona chooneka, apitirize. Ndikapanda kuona, akakwere boti."

Ndinawauza kuti aona ndithu. Ndinalankhula ngati zamawa ndimazikonza ndine.

Vuto anasankha okha. Mayi ake a mtsikana wa ku Mbungo anali ndi kadimba ka matimati, ndipo ankatunga ndi ndowa m'chitsime mpaka msana kuwawa. Anawo anati apanga pampu ya chingwe, ayambe kuiyesa pa chitsime cha dimba la sukulu. Ndi chinthu chosavuta kuchimva. Pamwamba pa chitsime pamakhala wilo la njinga. Chingwe chimazungulira pawilopo, chimatsikira m'madzi n'kukwera kudzera m'paipi, ndipo pachingwepo pamamangidwa mawashala otalikirana bwino. Ukapukusa wilo, washala aliyense amakankha madzi ake m'paipimo mpaka atulukire pamwamba. Nkhani yonse ili pa mawashalawo. Akakula amakakamira m'paipi, akachepa madzi amabwerera pansi. M'kabuku kamene ndinabwera nako kumaphunziro analemba kuti adulidwe ku tayala lakale la galimoto.

Koma pachilumba matayala a galimoto satoledwa paliponse. Tsiku lina mnyamata wa ku Yofu anabwera ndi thumba n'kulikhuthula pansi pa mlambe wa kuseri kwa labu. Munali mapatapata otha, ofiira, obiriwira, achikasu, opanda anzawo, omwe nyanja imalavula mphepo ya mwera ikawomba.

"Awa saola m'maji, madamu," anatero m'kalankhulidwe ka pachilumba, maso ali pansi. "Ndiponso ngofewa."

Amenewo ndiwo anali mawu ake oyamba kwa ine osafunsidwa. Wa ku Khuyu anaseka mpaka kukhala pansi, nati matimati athu azimva fungo la mapazi a chilumba chonse. Ine sindinaseke. Mumtima ndinati izi n'zamasewera, koma ndinakumbukira zimene ndinawombera m'manja zija, n'kuwauza kuti ayese.

Lachisanu lililonse tinkakumana pansi pa mlambe uja, ine pampando, iwo pamiyala, kope lili m'manja mwa wa ku Khuyu. Mafunso atatu aja ndinkawafunsa ngati woweruza milandu.

"Chakanika n'chiyani sabata ino?"

Anayankha ndi wa ku Yofu, motsitsa mawu: "Zili bwino, madamu."

Zili bwino, chikhalirecho chingwe chaduka kawiri ndipo madzi sanatuluke ngakhale odzaza kapu! Lachisanu lachitatu ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti ngati akufuna munthu womunamiza akasake wina, ine ndili ndi mapepala oti ndichonge. Ndinanyamula mpando wanga n'kumapita.

Mtsikana wa ku Mbungo anandilondola, nandipeza pakhomo pa labu.

"Madamu, musakwiye. Inu mukakhalapo sitingathe."

"Kodi ndimaluma ine?"

"Si zimenezo. Kwathu anyamata akabwera kunyanja chimanjamanja, amakhala pamchenga kusoka ukonde. Pamenepo ndiye amauzana, iwe unachedwa kuponya, iwe unakoka mbali imodzi. Amakangana mpaka kumvana. Koma mwini ukonde sakhalapo. Amachoka dala. Akakhalapo, aliyense amangoti zili bwino."

"Nanga mwini ukondeyo amadziwa bwanji kuti agwirizana zotani?"

"Amadzaona mawa lake, madamu, boti likabwera."

Zinandiwawa kuphunzitsidwa ntchito yanga ndi mwana, koma ndinaona kuti akunena zoona. Lolemba ndinawaitana onse atatu n'kulonjeza zinthu ziwiri. Kope ndi lawo, sindidzalitsegula mpaka teremu itatha. Pampu ndi yawo, sindidzaikhudza pokhapokha atandipempha. Wa ku Khuyu anati ndilumbire. Ndinalumbira, dzanja lili m'mwamba, tonse tikuseka.

Kuyambira pamenepo ndinkawaonera pawindo la labu. Sindinakhulupirire kuti ndi ana omwe aja. Ankakangana ngati ali pamsika. Mtsikana ankaloza chala, wa ku Khuyu ankalemba uku akutsutsa, ndipo wa ku Yofu, yemwe ndinkayesa kuti alibe pakamwa, ankagwada n'kujambula pamchenga ndi kamtengo, anzake atamuzungulira. Tsiku lina ndinamumva akukweza mawu, "Ayi! Yeza kaye usanadule!" Anayamba kufika kusukulu m'mawa kwambiri, asanafike ngakhale oliza belu. Sabata ina ndikuphunzitsa za mmene madzi amakwerera m'paipi, ndinaona dzanja lalikulu lija latuluka pansi pa desiki. Anayankha molondola. Kalasi yonse inatembenuka kumuyang'ana. Ndinasangalala kwambiri, koma ndivomereze kuti kansanje kanalipo, poti zonsezi zinkachitika ine ndili kuseri kwa galasi.

Komabe pampu inali isanagwire. Mawashala awo ankadula ndi mpeni, ndipo sankafanana. Madzi ankabwera pang'ono, kenaka washala mmodzi n'kukakamira, wilo n'kuima. Ine ndinkaona, manja akuyabwa. Ndinapempha tayala lotha kwa dalaivala wina wa galimoto ya boma, ndipo masana ndikaweruka ndinkakhala pakhonde panga n'kumadula mawashala akuda, oyeza bwino ndi rula monga m'kabuku muja. Ndinkawaponya m'chitini cha mkaka n'kuchikankhira pansi pa bedi. Ndinkadziuza kuti n'ngongosungira. Sindinauze aliyense, ndipo kubisako kukanayenera kundichenjeza.

Kenaka kunabwera uthenga woti akuluakulu a zamaphunziro afika pa sitima, ndipo Lachiwiri adzaona zimene ana apanga n'kusankha okaonetsa kumtunda. Ahedi anayamba kundifunsa m'mawa uliwonse, "Madamu, zija zigwira?" Ine ndinatumiza uthenga ku Yofu kuti bambo aja abwere Lachiwiri adzaone chooneka chimene ankafuna.

Lachisanu lomaliza, pampu inakakamiranso. Ndinawaona atatuwo atakhala pansi pa mlambe nthawi yaitali, mitu ili pamodzi. Kenaka anadzuka akuseka, akumenyana m'mapewa. Kuseka, kwatsala masiku anayi! Ndinamufunsa mtsikana uja kuti zikutha bwanji.

"Musadandaule, madamu," anatero, n'kuthamanga kukapeza anzake.

Kope ankalisiya m'dirowa ya mu labu. Atapita ndinalitulutsa, ndinaligwira m'manja kwa kanthawi, kenaka ndinalibwezera osalitsegula. Ndinalonjeza. Ndinatuluka ndikudzitama mumtima kuti ndine munthu wosunga mawu.

Loweruka sindinakhazikike. Ndinkangoona bambo aja atavula chipewa pamaso pa alendo, mwana wawo akupukusa wilo louma. Lamulungu masana, anthu atabwerera kutchalitchi ku Chipyela ndipo njira zili phee, ndinatenga chitini changa ndi chingwe chatsopano. Ndinadziuza kuti ndikungopita kukaona. Koma munthu wongopita kukaona sanyamula mpeni. Ndinadula chingwe chawo, mawashala ofiira ndi achikasu aja anagwera pansi, ndipo ndinawakankhira pambali ndi phazi. Ndinamanga anga mmodzimmodzi, dzuwa likundiwotcha pakhosi. Nditapukusa wilo, madzi anatuluka chubwii, mpaka kundinyowetsa chitenje. Ndinaseka ndekha m'dimbamo. Ndinkayesa kuti ndapulumutsa mwana.

Lolemba m'mawa pachitsime panadzaza. Ahedi ankapukusa okha, aphunzitsi akuwomba m'manja. Wa ku Mbungo ndi wa ku Khuyu anaima pambali. Wa ku Yofu anafika pomalizira, thukuta lili kamukamu, atanyamula jumbo yodzaza. Ankamwetulira. Anadutsa pakati pa anthu, n'kuima.

"Taonani!" ndinatero mokondwa. "Ndakukonzerani."

Anayang'ana chingwe chikukwera, mawashala akuda akulowa m'paipi. Anayang'ana milu ya mawashala awo akale ili m'matope. Mtsikana wa ku Mbungo ndiye analankhula.

"Madamu, munalumbira."

"Mudzandithokoza mawa," ndinamuyankha. Ndinatembenukira kwa mnyamata uja. "Si choncho iwe?"

Anasunthira jumbo ija kumbuyo kwake. "Zili bwino, madamu."

Lachiwiri alendo anafika. Bambo aja anafikanso, atayenda wapansi kuchokera ku Yofu, atavala jekete yawo yopitira kutchalitchi. Mtsikana anafotokoza, wa ku Khuyu anaonetsa zojambula, wa ku Yofu anapukusa wilo. Madzi anadzaza ndowa alendo akuona. Mmodzi wa iwo, mayi wovala magalasi, anamufunsa mnyamatayo chifukwa chake anasankha tayala.

"Akudziwa ndi madamu," anayankha.

Anthu anaseka, kuyesa kuti ndi manyazi. Bambo ake sanaseke. Anasendera pafupi, anawerama, anagwira chingwe n'kulola mawashala angapo adutse m'zala zawo, monga amachitira mmisiri pofufuza thabwa. Kenaka anaweramuka n'kundiyang'ana.

"Yaoneka ntchito yanu, madamu. Mwaikhoza."

Ndinathokoza. Ndithu ndinathokoza, osamva chimene andiuza. Gulu lathu linasankhidwa kukaonetsa kumtunda, ndipo ahedi anandigwira chanza kawiri. Lachitatu desiki ya kumbuyo ija inali yopanda munthu. Lachinayi chimodzimodzi. Ndinafunsa anzake, iwo anangoti wadwala mwina.

Tsiku lotsekera sukulu, mtsikana wa ku Mbungo analowa mu labu, anaika kope patebulo panga, pambali pake n'kuikapo jumbo ija. Anati anaipeza kuseri kwa chitseko. "Teremu yatha, madamu. Mutha kuwerenga." Anatuluka osadikira.

M'jumbomo munali mawashala a mapatapata, otungidwa pa waya, onse ofanana ngati ochokera kufakitale. Ndinatsegula kope pa Lachisanu lomaliza lija. Wa ku Khuyu analemba motere. Chakanika: mpeni sudula mofanana. Tichita chiyani tsopano: tinola kukamwa kwa paipi yachitsulo, tiziiika pa patapata n'kumenya ndi hamala, onse azituluka saizi imodzi. Akanola ndi mnzathu wa ku Yofu kwa bambo ake Loweruka. Timanga Lolemba m'mawa. Pansi pake anawonjezera kuti, "Madamu tisawauze, adzangoona maji."

Tsamba lotsatira linali la Lolemba lija, ndipo zilembo zake zinali zazikulu, zopendama, za munthu wosazolowera kulemba m'kopemo. Tayesa chiyani: anasiya osalemba. Chakanika n'chiyani: anasiya osalemba. Tichita chiyani tsopano: "Palibe. Akonza madamu."

Ndinalira mu labu muja ngati mwana. Ndinasunga lonjezo limene kuliphwanya kukanandithandiza, n'kuphwanya limene linali lofunika.

Mawa lake ndinayenda mpaka ku Yofu. Bambo aja ndinawapeza akumata phula pa boti logadabuzidwa. Anandipatsa kampando. Ndinawauza zonse, osabisa kanthu, ndipo ndinawapempha kuti mwana abwerere, cholakwa ndi changa. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Loweruka lija tinakhala tsiku lonse ine ndi iye, tikunola paipi imeneyo," anatero. "Sanadye n'komwe. Ine ndinali nditaona kale chooneka, madamu. Ndinabwera Lachiwiri kudzamuuza pamaso panu kuti apitirize. Koma pobwerera, m'njira, iye ndiye anati sabwereranso. Akuti kusukulu angakhale agwire bwanji, pomaliza abwera wodziwa n'kudula chingwe. Kwa amalume ake akamanga mfundo, imakhala yomweyo."

Ndinafunsa ngati ndingamuone. Anati boti linapita kutsidya, limatha masabata. Ndinamulembera kalata, ndinabwereranso kawiri teremu yotsatira, koma nthawi zonse ankandiuza kuti ali panyanja. Mwina analikodi.

Kumtunda anapita awiri. Atabwerako, iwo eni anapempha kuti akamange pampu ina m'dimba la mayi aja ku Mbungo, ndipo anatenga mawashala a m'jumbo muja. Ine ndinanyamula paipi basi, n'kukhala patali pamwala, manja nditawakhalira. Madzi anatuluka, ndipo wilo linali lopepuka kuposa langa, moti mayiwo ankapukusa ndi dzanja limodzi. Anatsala mawashala atatu, awiri ofiira ndi mmodzi wobiriwira. Ali m'dirowa yanga mpaka lero.

Kalabu ndikuyendetsabe. Lachisanu ana amakhala pansi pa mlambe, ine ndimachoka kupita kusitafu, kumene kulibe windo loyang'ana kumeneko. Aphunzitsi atsopano amati ndine waulesi, ndipo sindiwatsutsa. Mtsikana wa ku Mbungo anapita ku koleji. Wa ku Khuyu amagulitsa m'golosale ya achimwene ake, nthabwala zake n'zomwe zija.

Wa ku Yofu ndinakumana naye chaka chatha, m'mawa wina, ndikukagula usipa pa mathandala oyanikira nsomba. Ananenepa m'mapewa, nkhope inada ndi dzuwa, ndipo anali atanyamula kamwana kakakazi pamkono. Atandiona anavula chipewa. Ndinali nditakonza mawu anga kwa zaka zambiri, koma anatuluka osalongosoka. Ndinamuuza kuti kope ndinawerenga. Ndinamuuza kuti mawashala ake akutungabe madzi ku Mbungo, kuti iye ndiye anali wolondola, ine ndinamulakwira. Ndinkafuna andikalipire, andiloze chala monga ankachitira ndi anzake pansi pa mlambe. Akanatero ndikanapepukidwa.

Anamvetsera maso ali pansi. Kenaka anatsitsa mwana, anatenga beseni langa, anadzazamo usipa mpaka kusefukira, n'kundipatsa ndi manja awiri.

"Zili bwino, madamu," anatero.

Ndinasenza beseni langa n'kumapita, misozi ikutsikira m'khosi. Amenewo ndi mawu amene ana a pachilumba amauza mwini ukonde akakana kuchoka pamchenga.